Mapu amodzi a gulu lonse: kusonkhanitsa deta ya zachilengedwe ndi QGIS ndi QField

Gulu la ofufuza zachilengedwe likabwerako kutchire, ntchito yambiri imakatayikira pa tebulo la mu ofesi. Wina analemba manambala a GPS m'kope, wina anawaika mu Excel, wachitatu anajambula sikirini ya foni n'kutumiza pa WhatsApp. Zithunzi zili m'mafoni anayi, ndipo palibe akukumbuka kuti gombe logumuka lija linali pa mtsinje uti. Ikatha miyezi itatu, mapu a pulojekiti imodzi amapezeka m'makompyuta atatu, onse osiyana. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa anthuwo anayendadi, dzuwa linawawotcha, mafuta anagulidwa, koma zimene anaona ndi maso awo sizingagwiritsidwenso ntchito.

Njira imene ndikufotokoza pano ndi yoti gulu lonse lizilemba pa mapu amodzi, aliyense ndi foni yake, zolembazo n'kumakasonkhana pamalo amodzi. Tigwiritsa ntchito mapulogalamu awiri aulere: QGIS ya pa kompyuta, imene Gary Sherman anaiyamba mu 2002, ndi QField ya pa foni, yopangidwa ndi kampani ya ku Switzerland ya OPENGIS.ch.

Chitsanzo chathu chikhala gulu lofufuza nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho imakula ndi kuchepa motsatira mvula. Inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Ndi malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, ndipo imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, mpaka kumalire a Mozambique. Amene akufufuza nkhalango ya Dzalanyama kapena dambo la Elephant Marsh angosintha mayina, masitepe ake ndi omwewa.

1. Khalani pansi kaye, kompyuta ili yotseka

Tengani pepala. Lembani mafunso amene kafukufukuyu akufuna kuyankha, ndipo asapitirire atatu kapena anayi. Ku Chilwa tinganene kuti: madzi akulekezera pati mwezi uno? Ndi pati pamene anthu akulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje? Madoko amene asodzi akukocheza chaka chino ali pati? Njedza, zomera zazitali za m'dambo, zapsa pati?

Funso lililonse likhala layer yakeyake, kutanthauza gulu la zojambula za chinthu chimodzi pa mapu, ndipo layer iliyonse imasunga mtundu umodzi wa chojambula. Doko ndi kadontho. Malire a madzi ndi mzere. Malo amene njedza zapsa ndi polygon, chigawo chozunguliridwa ndi mzere wotsekeka. Gwirizanani zimenezi lero, chifukwa wina akakalemba doko ngati kadontho wina ngati polygon, simudzatha kuwawerenga pamodzi.

Kenako gwirizanani tanthauzo la mawu. Mukati "kulima m'mphepete mwa mtsinje," mukunena mamita angati kuchokera pa gombe? Mukati "kukokoloka kwakukulu," chikusiyanitsa ndi kwakung'ono n'chiyani, kuya kwa chigwembe kapena kutalika kwake? Lembani yankho pa tsamba limodzi, aliyense akhale ndi lake m'chikwama.

Pomaliza sankhani munthu mmodzi wosunga mapu. Iyeyo yekha ndiye azisintha kapangidwe ka pulojekiti: kuwonjezera layer, kusintha fomu, kufufuta zolakwika. Asakhale mkulu wa gulu ngati mkuluyo amakhalira misonkhano. Akhale munthu amene madzulo aliwonse angapeze mphindi 30 zoyang'ana zimene zabwera. Musankhirenitu wachiwiri wake wodziwa mapasiwedi onse.

2. QGIS imodzi m'makompyuta onse

Pa tsamba la qgis.org tsitsani imene yalembedwa kuti Long Term Release, chifukwa ndi imene sisinthasintha. Fayilo yake ya Windows ndi yaikulu, choncho mmodzi aitsitse pamene pali intaneti yabwino n'kugawira anzake pa flashi, m'malo moti aliyense athe bandulo yake. Onse akhale ndi nambala yofanana ya QGIS. Mukaitsegula pitani pa Plugins, Manage and Install Plugins, muike QFieldSync, kachida kowonjezera kolumikiza QGIS ndi QField. M'mafoni ikani QField kuchokera pa Play Store kapena App Store.

3. Kayezedwe ka malo, pamene magulu ambiri amagwera

Apa ndikupemphani kuti mudekhe, chifukwa cholakwika cha pano sichionekera msanga.

Manambala a malo amadalira dongosolo limene anayezera, lotchedwa CRS, ndipo dongosolo lililonse lili ndi nambala yake ya EPSG. Kwa ife zofunika kuzidziwa ndi zitatu. EPSG:4326 ndi WGS 84, imene GPS ya foni imapereka, ya madigiri: pakati pa Chilwa ndi cha pa latitude -15.3 ndi longitude 35.7. EPSG:32736 ndi WGS 84 / UTM zone 36S, ya mamita: malo omwewo amaoneka ngati 790,000 ndi 8,300,000. Malawi yense ali mu zone 36S, ndipo Chipata ndi Tete alinso momwemo, koma Lusaka ali mu 35S, imene nambala yake ndi EPSG:32735. Yachitatu ndi EPSG:20936, Arc 1950 / UTM zone 36S, imene mapu akale a pepala a ku Surveys, nthambi ya boma yoyeza malo, anajambulidwira.

Ziwiri zomalizazi manambala ake amaoneka ofanana kwambiri, ndipo m'pamene pali msampha. Zili ngati anthu awiri oyeza munda umodzi ndi chingwe chimodzi, wina kuyambira pa chulu, wina pa mtengo wa mango. Mukatenga manambala a pa mapu akale n'kuuza QGIS kuti ndi a WGS 84, kadontho kanu kasuntha ndi mamita mazana awiri kapena atatu. Pa mapu a dziko lonse simungaone kanthu. Koma ngati mukuyeza mmene madzi abwerera m'mbuyo pa Kachulu, kapena malire a nkhalango yotetezedwa ndi minda ya anthu, mamita amenewo akhoza kuika munda wa munthu wosalakwa mkati mwa nkhalango.

Chitani chonchi. Tsegulani pulojekiti yatsopano, dinani nambala ya EPSG imene ili pansi kudzanja lamanja, musankhe 32736. Ma layer onse amene mupange akhale a 32736 yomweyo, kuti mtunda uzituluka m'mamita ndipo mahekitala aziwerengeka molondola. Fayilo iliyonse yochokera kwa ena, funsani kaye kuti ndi ya CRS iti. Ngati ndi ya Arc 1950, iuzeni QGIS zoona zake pa Set Layer CRS, kenako muisinthe ndi chida cha Reproject Layer. Awiriwa ndi osiyana: Set Layer CRS imangonena chimene manambalawo ali, pamene Reproject Layer ndi imene imawawerengetsanso. Osagwiritsa ntchito yoyambayo pofuna kukankhira layer pamene mukufuna.

Zizindikiro zina n'zosavuta kuzizindikira. Timadontho ta Chilwa tikaoneka kum'mawa kwa Sudan, wina waiwala kamzere ka minus pa latitude. Tikagwera m'nyanja ya Atlantic chakumadzulo kwa Morocco, latitude ndi longitude zasinthanitsidwa: X ndi longitude, Y ndi latitude. Ndipo pokopera madigiri musadule manambala a pambuyo pa kadontho. Digiri imodzi ya latitude ndi pafupifupi makilomita 111, choncho mufunika manambala asanu kuti mufike pa mita imodzi.

4. Foda imodzi ndi GeoPackage imodzi

Pangani foda, mwachitsanzo chilwa_2025, ndipo zonse za pulojekitiyi zizikhala m'menemo: fayilo ya pulojekiti, deta, zithunzi ndi mapu apansi, amene amaoneka kumbuyo kwa zolemba zanu. Mayina akhale a zilembo zazing'ono, opanda mipata ndiponso opanda tizizindikiro ta m'mawu monga "ng'ombe." Onetsetsani pa Project, Properties, General kuti Save paths ili pa Relative, kuti fodayo ikasamukira pa kompyuta ina ma layer asasowe.

Pitani pa Layer, Create Layer, New GeoPackage Layer. Fayilo muitche deta.gpkg, layer yoyamba madoko, mtundu wake Point. Bwerezani, mu fayilo yomweyo, kupanga malire_a_madzi ya LineString, kulima_gombe ya Point ndi njedza_zopsa ya Polygon. Ikakufunsani ngati ifufute fayilo yakale, sankhani kuwonjezera layer yatsopano.

Ambiri tinaphunzira ndi shapefile, mtundu wakale wa fayilo ya mapu, ndipo mabungwe ena amapemphabe yomweyo, koma musasungiremo ntchito ya gulu. Shapefile imodzi ndi mafayilo angapo, .shp, .shx, .dbf ndi .prj, ndipo wina akatumiza .shp yokha, wolandirayo sangaitsegule. Imadulanso mayina a makolamu pa zilembo 10, moti kukokoloka_kuya ndi kukokoloka_utali zimasanduka mayina osadziwika mutu wake. GeoPackage ndi fayilo imodzi yosunga ma layer onse. Wofuna shapefile mudzamutulutsira yake pa Export.

5. Fomu imene munthu wotopa sangailakwitse

Ganizirani mnzanu ali m'matope ofika m'mawondo cha ku Mposa, dzuwa lili paliwombo, sikirini sikuoneka bwino, chala chanyowa. Fomu yanu ndi ya munthu ameneyo. Chilichonse chimene foni ingalembe yokha, ilembe yokha. Chimene angasankhe pa mndandanda, asatayipe.

Dinani kawiri pa layer, pitani pa Attributes Form, mukonze kolamu iliyonse.

Kolamu ya uuid, ya mtundu wa text: pa Default value lembani uuid() ndipo muchotse chizindikiro pa Editable. Iyi ndi nambala yapaderadera ya cholemba chilichonse. Popanda iyo, mafoni awiri akhoza kupereka nambala 15 ku madoko awiri osiyana, ndipo pophatikiza mudzasokonezeka.

Kolamu ya tsiku, ya Date and Time: Default value ikhale now(). Kolamu ya wolemba: ikani @cloud_username ngati mugwiritsa ntchito QFieldCloud, malo a pa intaneti osonkhanitsira zolemba za QField (onani sitepe 7), apo ayi pangani mndandanda wa zilembo zoyamba za mayina a anthu a m'gulu. Kolamu ya gps_mamita, ya Decimal: ikani @position_horizontal_accuracy, ndipo QField izilemba yokha kuti pa nthawiyo GPS ikhoza kuphonya ndi mamita angati. Kolamu imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa pakadzatha zaka ziwiri ndi imene idzakuuzeni timadontho toyenera kutikhulupirira.

Pa chilichonse chokhala ndi mayankho odziwika, sankhani Value Map pa Widget Type. Mtsinje: Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani. Mbewu: mpunga, chimanga, masamba, nzimbe. Nsomba zimene zikukocheza pa doko: matemba, makumba, mlamba. Mukawasiya anthu atayipe okha, mupeza "Likangala," "likangala" ndi "Likangara," ndipo kompyuta iziwerenga ngati mitsinje itatu. Pa mndandanda uliwonse ikanipo "china," pamodzi ndi kolamu ya ndemanga yolembamo momasuka, chifukwa kutchire mukakumana ndi zimene simunaziganizire mu ofesi.

Pa manambala gwiritsani ntchito Range, muike malire. Ngati mukuyeza pH, ikhale pakati pa 0 ndi 14. Muyezo uzioneka pa dzina lenilenilo: kuya_cm, mtunda_m. Makolamu amene sayenera kusiyidwa opanda kanthu, ikani chizindikiro pa Not null ndi pa Enforce not null constraint, koma musachulutse. Fomu yokana kusunga chifukwa cha funso losafunika imachititsa munthu kungolemba chilichonse kuti adutse.

Chithunzi: pangani kolamu ya text, Widget Type ikhale Attachment, njira ya fayilo ikhale Relative to Project Path, ndipo Integrated Document Viewer ikhale pa Image. Pa foni pazioneka batani la kamera, ndipo chithunzicho chizimangiririka ku kadontho kake.

Pa Alias mutha kulemba funso lonse m'Chichewa, monga "Kodi alima mamita angati kuchokera pa gombe?" pamene dzina la kolamu likhalabe lalifupi. Ngati m'gulu mwanu muli achinyamata a m'mudzi kapena a komiti ya pa doko, zimenezi zimathandiza kuposa tsiku lathunthu la maphunziro.

6. Mapu apansi ogwira ntchito popanda netiweki

M'madambo ambiri ndi pa chilumba cha Chisi musadalire netiweki. Mapu apansi ayenera kukhala m'foni momwemo.

Misewu, midzi ndi mitsinje mungazitenge ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu odzipereka, kudzera pa plugin ya QuickOSM kapena potsitsa fayilo ya Malawi pa Geofabrik. Malire a maboma ndi a mafumu aakulu yang'anani pa MASDAP, nsanja ya boma yogawirapo deta ya mapu, kapena pa Humanitarian Data Exchange. Chithunzi cha mumlengalenga tengani cha setilayiti ya Sentinel-2 pa tsamba la Copernicus Browser: n'chaulere, kabokosi kake kalikonse ndi mamita 10, ndipo setilayiti imadutsanso pamalo omwewo pakatha masiku pafupifupi asanu. Nyumba simungaione bwinobwino, koma madzi, njedza ndi minda ya mpunga zimasiyanitsika.

Dulani chilichonse kuti chitsale cha dera lanu lokha, ndi Clip pa mizere ndi Clip Raster by Extent pa chithunzi. Kenako mu Processing Toolbox fufuzani Generate XYZ Tiles ya MBTiles, musankhe dera, zoom kuyambira 10 mpaka 15 kapena 16. Mukawonjezera zoom imodzi, fayilo imakula pafupifupi kanayi, choncho musakwere pamwamba popanda chifukwa. Fayiloyo muiike m'foda ya pulojekiti. Zithunzi za Google musazitsitse mwanjira imeneyi, malamulo awo salola, ndipo mukasindikiza mapu okhala ndi deta ya OpenStreetMap muzilemba kuti yachokera kumeneko.

7. Kutumiza pulojekiti ku mafoni

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi QFieldCloud. Aliyense atsegule akaunti yake, osabwerekana. Wosunga mapu alowe kudzera pa QFieldSync mu QGIS, apange pulojekiti yatsopano kuchokera pa imene ili yotsegula, n'kuikweza. Kenako pa tsamba la QFieldCloud awonjezere anzake ndi kuwapatsa maudindo. Opita kutchire apatseni udindo wa Reporter: amatha kutumiza zimene alemba koma sangasinthe kapangidwe ka pulojekiti. Ofuna kungoona, monga aphunzitsi oyang'anira kafukufuku, akhale Reader. Werengani pa tsambalo zimene akaunti yaulere imalola, chifukwa malo ake osungira ndi ochepa, zithunzi zimawadzaza msanga, ndipo kugawana pulojekiti yachinsinsi ndi anthu angapo kungafune kulipira. Ndalama imeneyi iikeni mu bajeti kuyambira pachiyambi. Musathawe kulipira poika pulojekiti pa public ngati muli zinthu zosayenera kuonedwa ndi aliyense.

Pa foni munthu amatsegula QField, kulowa mu akaunti yake, n'kutsitsa pulojekiti akadali pa intaneti. Akatero angagwire ntchito tsiku lonse popanda netiweki.

Njira yachiwiri ndi ya kebulo, yosalira intaneti ngakhale pang'ono. Mu QFieldSync sankhani Package for QField, ma layer olembamo akhale pa Offline editing. Foda imene yatuluka ikopereni m'foni n'kuilowetsa mu QField. Pobwerera, koperani foda ya foni iliyonse pamalo akeake pa kompyuta, dzina lake likhale ndi tsiku ndi mwini foniyo, kenako Synchronize from QField, foni imodzi pa nthawi imodzi. Imatenga nthawi, koma gulu la anthu atatu ogona malo amodzi limatha nayo bwinobwino.

Mergin Maps, pulogalamu ina ya pa foni ya kampani ya Lutra Consulting, imagwira ntchito mofananako ndi QGIS, ndipo zonse zimene mwakonza pa masitepe 3 mpaka 6 zikagwira kumenekonso, kupatula dzina la wolemba limene kumeneko ndi @mergin_username. Sankhani imodzi mukhale nayo. Ngati kafukufuku wanu ndi wa mafunso ambiri a pakhomo ndipo malo ndi kadontho kamodzi kokha, pulogalamu ya mafomu ya KoboToolbox ikuyenererani kuposa zonsezi.

8. Yesani kuseri kwa ofesi

Musanalembe galimoto, tulukani nonse panja. Aliyense alembe timadontho titatu, ajambule chithunzi, ayende mzere umodzi foni ili pa Airplane mode, kenako atumize. Wosunga mapu atsegule mu QGIS. Onse aimirire pa ngodya imodzi ya nyumba n'kulemba kadontho, muone mmene mafoni anu akusiyanirana. Zolakwika za fomu zikonzedwe lero, zoyeserazo zifufutidwe, aliyense atsitsenso pulojekiti.

9. Kutchire

Yambani mwakaonekera kwa mfumu ya dera, mufotokoze chimene mukulemba ndi chimene simukulemba. Anthu akaona alendo akuyenda m'mphepete mwa minda ndi mafoni m'manja, choyamba kuganiza n'chakuti malo akulandidwa, ndipo nkhawa imeneyo ili ndi maziko. Pemphani munthu wa m'mudzimo woyenda nanu. Ndi amene angakuuzeni pamene madzi analekezera mu 2018, ndi pamene anafika itadutsa mphepo ya Freddy mu Malichi 2023.

Gawanani dera momveka: awiri ku Likangala, awiri ku Domasi. Anthu awiri akasintha kadontho kamodzi komweko asanatumize, pulogalamu imasowa kuti isunge za ndani, ndipo wosunga mapu ayenera kukaweruza pamanja. Kulemba timadontho tatsopano sikuwombana, chimawombana ndi kusintha takale.

Mukafika pamalo, yatsani GPS mu QField, muime mpaka nambala ya accuracy, yosonyeza mamita amene GPS ikhoza kuphonya, itakhazikika. Pamtetete foni yabwino imafika mamita atatu mpaka asanu, koma pansi pa mitengo kapena m'tsinde mwa phiri imaphonya kwambiri. Mu Settings yatsani accuracy indicator, muike malire amene gulu lagwirizana, mwina mamita 10. Mukagwira batani lolembera kadontho osalisiya msanga, QField imatenga miyezo ingapo n'kupeza pakati pake. Polemba malire a madzi gwirani dzina la layer pa mndandanda, sankhani Setup tracking, muike kuti izilemba mamita asanu aliwonse, n'kuyenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Mukafika polekezera zimitsani tracking, apo ayi mzerewo ukutsatani mpaka pa galimoto.

GPS ndi sikirini yowala zimadya batire, choncho pakhale pawa banki pa anthu awiri alionse, ndi kajumbo kotsekera foni mukakwera bwato. Kope ndi pensulo zisatsale.

10. Madzulo aliwonse

Mukafika pa netiweki aliyense atumize zake ndi Push changes, asanapite kukasamba. Foni ikagwera m'madzi mawa, zitayike za mawa zokha.

Wosunga mapu atsitse zonse mu QGIS n'kutsegula Attribute Table, tebulo la zolemba zonse za layer. Asanje motsatira gps_mamita, aone timadontho tophonya kwambiri. Ayang'ane mayankho a "china": akachuluka pa chinthu chimodzi, ndiye kuti mndandanda ukusowa mawu. Ma polygon awadutsitse pa Check Validity, chifukwa mzere wodzipingasa wokha umasokoneza kuwerengetsa mahekitala. Chokayikitsa afunse usiku womwewo, wolembayo akukumbukirabe.

Lamulo limodzi lisaphwanyidwe: kapangidwe ka fomu kapena ka layer kasasinthidwe pamene foni ina ili ndi zolemba zosatumizidwa. Onse atumize kaye, wosunga mapu asinthe, onse atsitsenso, ndiyeno ntchito ipitirire.

Lachisanu lililonse koperani foda yonse pa hadi disiki yapadera, tsiku likhale kutsogolo kwa dzina, monga 2025-08-15_chilwa. Disikiyo isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

11. Kuyerekeza ndi setilayiti

Miyendo singazungulire nyanja yonse mwezi uliwonse, koma zimene mwayenda zimakuthandizani kudziwa ngati chithunzi cha mumlengalenga chikunena zoona. Tsitsani Sentinel-2 ya Level-2A ya tsiku loyandikira limene munayenda. Chithunzichi chimabwera m'magawo a mitundu ya kuwala: B03 ndi kobiriwira, B08 ndi B11 ndi kosaoneka ndi maso. Mu Raster Calculator chotsani B08 ku B03, yankholo muligawe ndi chiwonkhetso cha B03 ndi B08. Chotuluka ndi NDWI, muyezo wosiyanitsa madzi ndi mtunda, ndipo kawirikawiri manambala oposa 0 amasonyeza madzi. Zithunzi zokonzedwa kuyambira Januwale 2022 zili ndi 1,000 yowonjezera pa nambala iliyonse, yoyenera kuichotsa musanawerengetse. Fayilo ya MTD yobwera ndi chithunzicho imasonyeza ngati ilipo.

Tsopano ikani mzere wanu wa malire_a_madzi pamwamba. Ku Chilwa sizigwirizana paliponse. Madzi ake ndi amatope, ndipo pansi pa njedza pamakhala madzi amene setilayiti imawaona ngati mtunda wobiriwira. Pa madzi amatope yesani B11 m'malo mwa B08, ngakhale kabokosi kake ndi ka mamita 20. Sunthani malire a 0 aja pang'onopang'ono mpaka chithunzi chitagwirizana ndi pamene munapondadi, ndipo nambala imene mwasankhayo ilembedwe kuti gulu lonse ligwiritse ntchito yomweyo.

Poyerekeza zaka, tengani mwezi womwewo, Okutobala ndi Okutobala mnzake. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imaphimba zambiri. Wofuna kubwerera m'mbuyo kufika ku 1995 apite ku zithunzi za setilayiti ya Landsat pa tsamba la EarthExplorer la bungwe la ku America la USGS, ya mamita 30, imene yakhala yaulere kuyambira 2008.

12. Kugawana ndi ena, ndi zoyenera kubisa

Pa layer iliyonse tsegulani Properties, Metadata, mulembe amene anasonkhanitsa, miyezi yake, zipangizo, CRS ndi tanthauzo la makolamu. Tsamba limodzi lija la pa sitepe yoyamba lisungidwenso m'foda. Wophunzira wa ku yunivesite amene adzatsegule fayiloyi inu mutachoka ntchito adzadalira zimenezi.

Musanapereke deta kunja kwa gulu, tulutsani kope lapadera n'kuchotsamo zina. Mayina, manambala a foni ndi malo a nyumba za anthu amene munacheza nawo asatuluke, ndipo kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo la Data Protection Act loteteza zinthu zotere. Kadontho kosonyeza munda wa m'mphepete mwa mtsinje kamaloza mwini wake ngakhale dzina palibe, choncho pogawana sonkhanitsani timadonthoto n'kupereka chiwerengero cha pa kilomita iliyonse ya mtsinje. Manda ndi malo a zinamwali alembedwe pokhapokha eni ake atavomera. Malo oswanirana mbalame za m'dambo, kapena pamene patsala mikungudza pa phiri la Mulanje, musawaike pa intaneti molondola mpaka pa mita, chifukwa mapu amenewo akhoza kufika kwa osaka ndi ocheka matabwa. Gwiritsani ntchito Create Grid, mupange mabokosi a makilomita awiri kapena asanu, musonyeze bokosi lokha.

Zotsalazo, zimene sizingavulaze munthu kapena cholengedwa, ziperekeni ku ofesi ya zachilengedwe ndi ya zausodzi ya boma limene munagwiramo ntchito, ndipo funsani a MASDAP za kaikidwe kake pa nsanja yawo. Misewu ndi milatho imene munapeza kuti palibe pa OpenStreetMap, ionjezereni.

A m'midzi muja nawonso apatsidwe mapu awo. Mu QGIS tsegulani New Print Layout, pepala likhale A3, muike sikelo, muvi woloza kumpoto, tsiku, ndi mafotokozedwe a mitundu m'Chichewa. Mayina a madoko ndi midzi alembedwe mmene eni ake amatchulira, ndi zilembo zazikulu zoti munthu wachikulire awerenge popanda magalasi. Sindikizani awiri pa doko lililonse, amodzi a mfumu ena a komiti ya asodzi, muwakute ndi pulasitiki. Pitani nawo pamodzi ndi cholembera chofiira, chifukwa adzakusonyezani dzina limene mwalakwitsa ndi doko limene linasamuka madzi atabwerera, ndipo wosunga mapu akazilowetse mu deta.gpkg sabata yomweyo.